Mafunso ndi mayankho okhudza nsonga ya Sapitwa ndi midzi ya m'tsinde mwa phiri la Mulanje

Mafunso ali m'munsimu ndi amene amafunsidwa kawirikawiri ndi ana asukulu, aphunzitsi, anthu ofuna kukwera phiri, ndiponso apaulendo amene amangoliona phirili ali pamsewu wopita ku Muloza kapena ku Phalombe. Tayamba ndi mafunso apafupi, ndipo pamene yankho lina lakhudza nkhani yomwe yafotokozedwa kale, tangolozera kumeneko.

Kodi Sapitwa ili kuti, ndipo ndi yaitali bwanji?

Sapitwa ndi nsonga yaitali kuposa zonse za phiri la Mulanje, ndipo m'Malawi monse mulibe malo ena okwera kuposa pamenepa. Kutalika kwake ndi mamita 3,002 kuchokera pa mulingo wa nyanja yamchere. Phirili lili m'chigawo cha kum'mwera, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 65 kum'mawa kwa mzinda wa Blantyre, ndipo lakhudza maboma awiri, la Mulanje ndi la Phalombe. Malire a dziko la Mozambique ali pafupi kwambiri, chakum'mawa ndi chakum'mwera kwake.

Midzi yambiri yozungulira phirili ili pa mamita 600 kapena 700, kotero munthu wochokera m'mudzi akafika pa Sapitwa amakhala atakwera mamita oposa 2,000. Kusiyana kumeneku ndiko kumachititsa kuti pamwamba pazikhala chisanu choopsa pa tsiku lomwelo limene kumunsi anthu akudandaula kutentha.

Kodi Mulanje ndi phiri limodzi kapena mapiri ambiri?

Ndi chiphiri chimodzi chachikulu, chotenga malo okwana masikweya kilomita pafupifupi 650, chomwe chili ndi nsonga zambiri. Munthu akakwera matanthwe a m'mbali amatulukira pa madambo otakasuka a udzu, monga a Chambe, Lichenya, Thuchila ndi Sombani, omwe ali pa mamita pafupifupi 2,000, ndipo pamwamba pa madambowo m'pamene pamayambira nsonga monga Nakodzwe, Namasile, Nandalanda, Dzole ndi Chambe. Anthu ambiri akaona thanthwe lalikulu la Chambe ali pamsewu wochokera ku Blantyre amaganiza kuti aona Sapitwa, pamene Sapitwa ili mkati ndipo nthawi zambiri imabisika m'mitambo.

Chakumpoto kuli phiri la Michesi, lomwe linapatukana ndi linzakeli pa mpata wa Fort Lister. Miyala ya mapiri onsewa inapangika pansi pa nthaka zaka pafupifupi 130 miliyoni zapitazo, ndipo inatsala yokha pamene miyala yofewa yoizungulira inakokoloka.

Kodi pamwamba pa phiri pali midzi?

Ayi. Pamwamba pamagona alonda a tinyumba ta alendo, ogwira ntchito zankhalango ndi alendo okha. Midzi yonse ili m'tsinde, kunja kwa malire a nkhalango yotetezedwa yomwe boma la atsamunda linakhazikitsa mu 1927.

Ndi anthu ati amene amakhala m'midzi imeneyi?

Mitundu ikuluikulu ndi itatu: Amang'anja, Ayao ndi Alhomwe. Amang'anja ndiwo anayamba kukhazikika kuno. Ayao anafika cha m'ma 1800, ndipo mafumu awo ena, monga Mkanda, Chikumbu ndi Matipwiri, anali ndi mphamvu pa njira zamalonda zopita kugombe la nyanja ku Mozambique, njira zomwe ankadutsitsamo minyanga ya njovu ndi akapolo. Linga la Fort Lister linamangidwa mu 1893 pofuna kutseka njira imodzi yotereyi. Alhomwe anayamba kubwera mwaunyinji chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800 ndi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, kuthawa njala ndi nkhanza za ulamuliro wa Apwitikizi, ndipo lero ndiwo ochuluka m'maboma awiriwa. Mwambo wapachaka wa Mulhako wa Alhomwe umachitikira pa Chonde m'boma la Mulanje m'mwezi wa Okutobala.

Midziyi ili pansi pa mafumu aakulu monga Mabuka, Njema ndi Mkanda mbali ya Mulanje, komanso Mkhumba, Nazombe ndi Nkhulambe mbali ya Phalombe. Ukwati wambiri ndi wachikamwini, choncho munda umayenda m'manja mwa mbumba, kuchoka kwa mayi kupita kwa ana ake aakazi. Kalembera wa mu 2018 anapeza anthu oposa 680,000 m'boma la Mulanje ndi oposa 420,000 m'boma la Phalombe, lomwe linaima palokha mu 1998.

N'chifukwa chiyani minda ya m'midzi imeneyi ili yaing'ono kwambiri?

Funso ili ndilo chimake cha mafunso ambiri otsatirawa, ndipo yankho lake lili m'mbiri ya nthaka. Kuyambira m'zaka za m'ma 1890, azungu anatenga malo aakulu a chonde kum'mwera kwa phiri, kumene mvula imagwa yokwanira, n'kuyamba kulima khofi kenaka tiyi. Anthu amene anapezeka pa malowo, pamodzi ndi Alhomwe amene ankangofika kumene, ankaloledwa kukhalapo pokhapokha akamagwira thangata, kutanthauza kuti ankalipira malo okhala ndi thukuta lawo. Kenaka mu 1927 phiri lenilenilo linatsekedwa kukhala nkhalango ya boma. Kuyambira pamenepo midzi inapanikizika pakati pa malire awiri, a esiteti kumunsi ndi a nkhalango kumtunda.

Malire awiriwa sanasunthe kwenikweni, koma anthu achulukana mibadwo ingapo. Munda umene agogo ankalima okha lero wagawidwa kwa zidzukulu zambiri, moti mabanja ochuluka ali ndi kachigawo kosakwana ekala imodzi, komwe sikangatulutse chakudya chofika chaka chonse ngakhale mvula itagwa bwino. Munthu amene akuona minda itakwera m'zitunda zotsetsereka n'kufulumira kunena kuti anthu a kuno ndi osamva, ayenera kuyamba wafunsa kuti malo ena oti alime ali kuti.

Nanga anthu amapeza bwanji chakudya ndi ndalama?

Mbali ziwiri za phiri n'zosiyana. Kum'mwera ndi kum'mwera chakum'mawa, kumene mphepo yachinyontho imayamba kugunda, mvula imapitirira mamilimita 2,000 pa chaka m'madera ena, ndipo kumeneko n'komwe kuli maesiteti a tiyi monga Lujeri, Lauderdale ndi Ruo, komanso malo a kafukufuku wa tiyi ku Mimosa. Anthu ambiri amagwira ntchito yothyola tiyi, yomwe imachuluka nthawi yadzinja n'kuchepa m'chilimwe. Alimi ang'onoang'ono enanso ali ndi minda yawoyawo ya tiyi ndipo amagulitsa masamba ku mafakitale a maesiteti kudzera m'magulu monga Sukambizi. Nanazi, mapeyala ndi chinangwa zimachita bwino mbali imeneyi. Nthochi, zomwe kale zinkadzaza magalimoto opita ku Limbe, zinasakazidwa kwambiri ndi matenda a chisaka, ndipo mabanja ambiri anataya gwero la ndalama lomwe linkawathandiza mwezi ndi mwezi.

Kumpoto, ku chigwa cha Phalombe, mvula ndi yochepa chifukwa phiri limaitchinga. Alimi amadalira chimanga, nandolo, mapira, mpendadzuwa ndi fodya, ndipo kufupi ndi nyanja ya Chilwa amalima mpunga ndi kupha nsomba. Mbali zonse ziwiri, ganyu ndi malonda a pamalire, makamaka pa Muloza ndi pa msika wa Limbuli, ndizo zimapulumutsa mabanja ambiri m'miyezi ya njala. Chimanga chochuluka chodyedwa m'midzi imeneyi chimalowa pa njinga kuchokera ku Mozambique.

Kodi phirili limathandiza bwanji pa nkhani ya madzi?

Mitsinje yambiri yosaphwa imayambira pamwamba pa Mulanje. Ruo, Lichenya, Likhubula, Thuchila ndi Muloza imatsikira chakum'mwera ndipo madzi ake amakathera mu Shire, pomwe Ruo imakumana ndi mtsinjewo pa Chiromo. Phalombe ndi Sombani imalowera chakumpoto ku nyanja ya Chilwa. Udzu ndi nkhalango za pamwamba zimagwira mvula ndi nkhungu n'kumatulutsa madziwo pang'onopang'ono, n'chifukwa chake mitsinjeyi imayendabe ngakhale mu Okutobala.

Kuyambira m'zaka za m'ma 1970, midzi yambiri inalandira mipopi ya madzi oyenda okha kuchokera m'phiri popanda injini, ndipo anthu eniake ndiwo anakumba ngalande zoyalamo mapaipi. Ku Bondo, madzi a mtsinje wa Lichenya amapukusa makina ang'onoang'ono a magetsi a bungwe la MEGA, omwe amaunikira nyumba, sukulu ndi chipatala cha m'deralo. Mu 2019 bungwe la Blantyre Water Board linamaliza ntchito yotenga madzi mu mtsinje wa Likhubula kupita nawo ku Blantyre kudzera ku Nguludi. Ntchitoyi isanayambe, anthu ena a ku Mulanje anaitsutsa, ponena kuti si chilungamo kuti madzi adutse pakhomo pa anthu opanda mpopi kupita kutauni, ndiponso kuti otenga madziwo ayenera kuthandiza kubwezeretsa mitengo ya kumene madziwo akuchokera. Dandaulo limeneli linali ndi mutu, ndipo likadali loyenera kulimva.

Chiperoni n'chiyani?

Ndi nyengo ya nkhungu, kamvula kowaza ndi kuzizira, yomwe imabwera ndi mphepo ya kum'mwera chakum'mawa pakati pa Meyi ndi Ogasiti, ndipo imatha kukhala masiku angapo osakanganuka. Tiyi amapindula nayo chifukwa nthaka siuma, koma kwa munthu amene ali pamwamba pa phiri ndi yoopsa, monga tifotokozere m'munsimu pa funso la kukwera Sapitwa.

Kodi n'zoona kuti m'phirimu muli mizimu?

Kwa anthu ambiri a m'midzi yozungulira, phirili ndi malo a mizimu ya makolo, ndipo nsonga ya Sapitwa ndi likulu lake. Akuluakulu amasimba za anthu aafupi akale, Abathwa kapena Amwandionerapati, amene ankakhala m'mapanga. Amasimbanso kuti munthu woyenda m'phiri akhoza kupeza chakudya chokonzedwa kale, ndipo akachipeza ayenera kudya yekha osaitana anzake kapena kutengako kupita nacho kumudzi. Pa Dziwe la Nkhalamba, pa mtsinje wa Likhubula, ndi pa malo ena otere, anthu ankathira nsembe popempha mvula ndi machiritso, ndipo asing'anga mpaka lero amakwera kukafuna mankhwala omwe sapezeka kuchigwa.

Tsamba lino silingaweruze chikhulupiriro cha munthu. Chomwe tinganene n'chakuti miyambo imeneyi inkaletsa kudula mitengo, kuchita phokoso ndi kuipitsa madzi pa malo ena, ndipo nkhalango za malo amenewo zinakhalitsa chifukwa cha ulemu womwewo. Mlendo, kaya ndi Mkhristu, Msilamu kapena wosapembedza, amayenera kumvera akauzidwa ndi womuperekeza kuti pamalo pena sachita zakutizakuti.

Kodi munthu wamba angathe kukwera mpaka pa Sapitwa?

Inde, ndipo anthu ambiri, Amalawi ndi akunja, amafika chaka chilichonse. Sipafunika zingwe, koma pamafunika mphamvu ndi mtima wodekha. Njira yodziwika imayambira pa Likhubula, pomwe pali ofesi ya zankhalango yolembetsera ndi kulipira. Kuchokera pamenepo munthu amayenda tsiku lathunthu kukafika pa kanyumba ka Chisepo, kapena amagona kaye ku Chambe kuti ulendo upepuke. M'mawa mwake amalawirira kukwera nsonga, ntchito ya maola atatu kapena anayi pa matanthwe otsetsereka, pena kukwawa pansi pa miyala ikuluikulu, ndipo kutsika kumatenga nthawi yofanana. Ambiri amakonza masiku atatu. Njira zina zolowera m'phiri zili ku Fort Lister, ku Lujeri ndi ku Thuchila, ndipo tinyumba tina togona tili ku Lichenya, Thuchila, Chinzama, Sombani, Madzeka ndi Minunu.

Nyengo yabwino ndi kuyambira Meyi mpaka Okutobala. Mu Juni ndi Julayi usiku kumazizira mpaka madzi kuundana pa udzu, choncho zovala zotentha n'zofunika kwambiri. Nthawi yadzinja matanthwe amaterera ndipo timitsinje timadzaza mwadzidzidzi. Choopsa chachikulu ndi nkhungu, yomwe imatha kuphimba njira yonse m'mphindi zochepa. Mu 2003 mayi wina wa ku Netherlands anasowa pa Sapitwa, ndipo mu 2009 mnyamata wina wa ku Brazil anafera komweko. Onse awiri anapita kunsonga popanda wowaperekeza. Munthu asakwere yekha, ndipo womuperekeza akanena kuti tibwerere, abwerere.

Operekeza alendo ndi onyamula katundu ndi ndani?

Ndi anthu a m'midzi yomweyi, makamaka ya kufupi ndi Likhubula, Fort Lister ndi Lujeri, amene analembetsa ku ofesi ya zankhalango ndipo amalandira alendo mosinthana. Kwa mabanja awo, ndalama ya ulendo umodzi imagula feteleza kapena kulipira fizi. Iwowa ndiwonso amatsogolera ntchito yofunafuna munthu akasowa, chifukwa amadziwa mpata uliwonse. Mpikisano wothamanga wa Porters Race, womwe umachitika chaka ndi chaka cha mu Julayi kuyambira pa Likhubula, unayamba ngati wa onyamula katundu amenewa ndipo lero umakopa othamanga ochokera kutali.

Kodi mkungudza wa ku Mulanje udakalipo?

Mkungudza, womwe akatswiri amautcha Widdringtonia whytei, umamera mwachilengedwe pa phiri la Mulanje pokha padziko lonse, ndipo ndi mtengo wa fuko la Malawi. Matabwa ake ndi onunkhira, sadyedwa ndi chiswe ndipo sawola msanga, n'chifukwa chake akhala akufunidwa pomanga nyumba, pokhoma mabwato ndi posema ziboliboli kuyambira nthawi ya atsamunda. Mtengowu umakula pang'onopang'ono kwambiri, ndipo mbande zake zimafa moto ukangodutsa kamodzi.

Kalembera wa mu 2017 anapeza mitengo ikuluikulu isanu ndi iwiri yokha yotsala m'nkhalango zake zachilengedwe, ndipo nayonso sinakhalitse. Izi n'zomvetsa chisoni kwambiri kwa aliyense amene anaionapo nkhalango ya mkungudza ili chilili. Komabe mbewu yake sinathe. Bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust, mogwirizana ndi nthambi ya zankhalango ndi mabungwe akunja, linathandiza magulu a m'midzi kukhazikitsa nazale, ndipo mbande zikwi mazanamazana zabzalidwa pamwamba pa phiri. Magulu amenewa amalipidwa pa mbande zomwe afesa. Ntchito yovuta kuposa kubzala ndiyo kulambula njira zotchinga moto chaka chilichonse kwa zaka makumi angapo, kufikira mitengoyo itakula.

Kodi anthu a m'midzi ndiwo akuwononga phirili?

Manja amene amagwira sowo, kuotcha makala, kutola nkhuni ndi kuyatsa tchire posaka nyama nthawi zambiri ndi a anthu a m'midzi yapafupi, ndipo kubisa zimenezi sikungathandize. Koma mnyamata amene amatsika phiri atasenza thabwa lolemera pamutu amalandira kachigawo kochepa ka mtengo wake. Phindu lenileni limapita kwa amalonda amene ali ndi magalimoto ndi ndalama zodutsira m'malo achipikisheni, ndipo makala ambiri amakaphikira mabanja a m'tauni, omwe magetsi ndi gasi sawakwanitsa. Lamulo la zankhalango la mu 1997, lomwe linakhwimitsidwa mu 2020, lili ndi zilango zowawa, koma likamagwira wosenza yekha n'kusiya womutuma, mawa lake pamapezeka wosenza wina.

Palinso zowononga zina zosachokera m'midzi. Mitengo ya paini yomwe boma linabzala kale pa Chambe ndi madera ena inafalikira yokha n'kulanda malo a zomera zachilengedwe, ndipo nsabwe za mitengo zochokera kunja zinafooketsa mikungudza yambiri. Pa za kuchepa kwa minda, komwe kumakankhira anthu m'nkhalango, onani funso la minda pamwambapa.

Napolo n'chiyani, ndipo n'chifukwa chiyani amasakaza midzi ya kuno?

Makolo amati Napolo ndi chinjoka chokhala pansi pa phiri, chomwe chikamasamuka chimagumula nthaka ndi kukokolola chilichonse m'njira yake. Akatswiri a miyala amafotokoza kuti mvula yamphamvu ikagwa masiku angapo, dothi lochepa lomwe lili pamwamba pa thanthwe limakhuta madzi n'kuseseleka, ndipo limatsika m'khwawa pamodzi ndi miyala ikuluikulu ndi mitengo pa liwiro loti munthu sangathawe.

Mu Malichi 1991 zoterezi zinachitika kuchokera m'phiri la Michesi ndipo anthu mazana ambiri anafa ku Phalombe. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagumula mbali zambiri za phiri la Mulanje, ndipo madera a mafumu Njema ndi Nkhulambe anali m'gulu la osakazidwa kwambiri. Midzi ina inakwiririka, milatho inapita, minda inasanduka mabwalo a miyala, ndipo m'dziko lonse anthu oposa 1,000 anataya miyoyo. Zipsera zoyera za m'mbali mwa phiri zikuonekabe.

Anthu amafunsa ngati kudula mitengo ndiko kunachititsa. Mvula ya Freddy inali yochuluka moti nthaka inagumuka ngakhale pamalo pomwe panali mitengo, choncho si zoona kuti nkhalango ikanaletsa zonse. Koma n'zoonanso kuti phiri lopsa ndi lopanda mitengo limataya madzi mofulumira, ndiponso kuti kusowa kwa malo kwachititsa mabanja kumanga pakamwa penipeni pa makhwawa, pomwe makolo sankamangapo. Kuwauza kuti asamuke n'kosavuta, koma kusamuka kumatheka pokhapokha atapatsidwa malo ena okhala ndi olima.

Kodi kulembedwa ndi UNESCO kukutanthauza chiyani kwa anthu a m'midzi?

Bungwe la UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro, sayansi ndi chikhalidwe, linazindikira phirili kawiri. Mu 2000 linaliika m'gulu la malo osungirako zachilengedwe omwe anthu amakhala mowazungulira, ndipo mu Julayi 2025 linalilemba pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse chifukwa cha chikhalidwe ndi chipembedzo cha Amang'anja, Ayao ndi Alhomwe. Malo ena a m'Malawi omwe ali pa mndandandawu ndi paki ya Lake Malawi ndi zojambula za pamiyala za ku Chongoni. Kulembedwaku sikusamutsa mudzi uliwonse ndipo sikubweretsa ndalama pakokha. Kumaika udindo pa boma woteteza phirili ndi kufotokozera maiko ena za mmene likusamalidwira, ndipo kumapatsa mafumu ndi anthu awo poimira akafuna kufunsa za ntchito iliyonse yaikulu yomwe ikukonzedwa m'phirimo.

Nanga nkhani ya migodi ili pati?

Miyala ya bauxite, yomwe amapangira aluminiyamu, inapezeka pa madambo a Lichenya ndi Linje m'zaka za m'ma 1920, ndipo makampani ena afufuzanso miyala ina yamtengo wapatali m'dambo la Chambe. Maganizo okumba akhala akubuka nthawi ndi nthawi, ndipo nthawi zonse amakumana ndi otsutsa. Ofuna mgodi amatchula ntchito ndi ndalama zakunja. Otsutsa amakumbutsa kuti bauxite amakumbidwa pochotsa dothi lonse lapamwamba, ndipo dothi limenelo ndilo limasunga madzi a mitsinje yomwe tatchula pa funso la madzi, yomwe midzi, maesiteti ndi mzinda wa Blantyre zikudalira. Mgodi umatha pakapita zaka zowerengeka, pamene dambo lokumbidwa pa mamita 2,000 silibwerera msanga mwakale, ndipo pa chifukwa chimenechi ife tikuona kuti mawu a midzi ya kumunsi kwa mitsinjeyo ayenera kumveka chilolezo chilichonse chisanaperekedwe.

Mlendo angachite chiyani kuti ulendo wake upindulire midziyi?

Alembe womuperekeza ndi womunyamulira katundu kudzera ku ofesi ya zankhalango, agwirizane za malipiro asananyamuke, ndipo aonetsetse kuti nawonso ali ndi chakudya ndi chofunda. Agule zakudya za paulendo pa Chitakale, pa Likhubula kapena pa Phalombe m'malo mobwera nazo zonse kuchokera kutauni. Asagule mabokosi, ndodo kapena ziboliboli za mkungudza, chifukwa n'kovuta kutsimikiza kuti thabwa lake linapezeka movomerezeka. Moto ausonkhe m'tinyumba togona mokha, zinyalala zonse atsike nazo, ndipo asasambe ndi sopo m'maiwe a pamwamba, popeza madzi omwewo ndi amene amatuluka m'mipopi ya kumudzi. Akafuna kujambula anthu, manda kapena malo a nsembe, ayambe wapempha kwa eni ake kapena kwa a nyakwawa.